Girifi wa Mkazi wa a Bweranimawa

Ana anga, ndi inu a mumsewu uno, senderani kuno ndikuuzeni za amuna anga, malemu a Bweranimawa, osoka nsapato aja.

Dzinalo munawapatsa ndinu. Munthu akabweretsa nsapato, ankasoka zonse ziwiri bwinobwino, koma n'kumupatsa imodzi, inayo n'kukankhira kunsi kwa benchi. "Inzakeyo bwerani mawa." Sunali ulesi ayi, ankangofuna ocheza nawo. Ndiye pomwe amatisiya, m'kashopu muja munali nsapato zopanda zinzake thumba lodzaza.

Maliro atatha ndinayamba kumatsegula ndekha m'mawa. Kusoka sinditha. Nsapato zija ndinkangozindandalika pabenchi n'kukhala. Mwini nsapato akabwera, tinkaseka za malemu, tilireko pang'ono, iye n'kutenga yake.

Mwana wanga wamkazi zinamuopsa. "Amayi, mutu wasokonekera. Dzulo ndakupezani mukukalipira nsapato! Titseke shopuyi, muzikakhala kwathu." Mpaka anandikokera kuchipatala.

Adokotala ake, kamtsikana ka magalasi, anandiyeza paliponse.

"Agogo, mukudya?"

"Mongolawa."

"Nanga tulo?"

"Anapita nato malemu."

Anaika cholembera pansi. "Si misala iyi. Pachizungu timati girifi."

"Girifiyo amapatsirana? Ndili ndi zidzukulu ine."

Anaseka mpaka kuvula magalasi. "Ayi, agogo. Ndi chisoni chachikulu chija chobwera munthu wako akamwalira. Ukataya ambulera sunganene kuti uli ndi girifi."

"Mapiritsi ake ndi ati?"

"Alibe. Amapepuka mukamamutchula munthuyo ndi anthu amene ankamudziwa." Kenako anatembenukira kwa mwana wanga. "Achemwali, asiyeni azitsegula."

Tili panjira mwanayo anati, "Chabwino amayi, khalani ndi girifi wanuyo. Koma nsapato zikatha, mukusamuka."

Ndinavomera msangamsanga. Waiwala kuti amake anakwatiwa ndi ndani. Dzana kunabwera atelala apakona paja kudzatenga yawo. Ine ndikuiona ndithu kunsi kwa benchi, yakuda, yosongoka kutsogolo. Ndinafufuza m'thumba, ndinapukusa mutu.

"Sikuoneka, achimwene. Khalani kaye pansi."

Anakhala mpaka masana, kundiuza za tsiku lomwe malemu anawavinitsa paukwati nsapato ina yakuda ina yofiira. Nkhani imeneyo sindinkaidziwa!

Tsono mukamadutsa, muzilowa mundiuze zanu. Mutu wangawu ukukalamba, zina ndiziiwala. Ine ndikadzaiwala, chonde, muziwatchula ndinu.