Mlendo wa pa Imelo

Mpaka Loweruka lina, ndinali ndisanauzepo munthu aliyense kuti "Mlendo" uja ndinali ine.

Achimwene anasiya ntchito chaka chatha n'kuyamba kupanga detabesi yawoyawo, pulogalamu ya pakompyuta yosungira zinthu, okhaokha, patebulo lodyera. Gawo lililonse akalimaliza ankaliika pa intaneti kuti aliyense aliyese. Ankati zambiri zimasunga zinthu m'njira imodzi basi, koma yawoyo izisunga m'njira zitatu: m'matebulo a mizere, m'zikalata, komanso ngati ukonde wosonyeza kuti uyu walumikizana ndi uyu. Ine n'kuti nditangolemba mayeso omaliza, ndilibe chochita. Iwo akapita kosamba, ndinkatsegula laputopu yawo. Pasiwedi inali tsiku lobadwa la amayi.

Tsiku lina ndinafufuta dzina la munthu m'tebulo, koma mu ukonde munthuyo anatsalamo, ali phee ndi anzake onse. Ndinayesa katatu. Kuwauza pamaso ndinalephera. Ine ndikati ndilankhule mawu amathera pakhosi, n'chifukwa chake pakhomo amanditcha Kachete. Ndiye ndinatsegula imelo yatsopano pafoni panga n'kuwalembera, pansi ndinasaina kuti "Mlendo".

Anakonza vutolo akuimba mluzu. Ndinalembanso kachiwiri, kachitatu. Pa kalata yachinayi m'pamene ndinalakwitsa: ndinatchula gawo limene anali asanaliike pa intaneti.

"Ameneyu waliona kuti?" anafunsa, maso ali pa laputopu.

"Mwina wangolota," anatero amayi.

"Kulota dzina la fayilo, amayi? Mpaka nambala ya mzere?"

Gawolo anali atatumizira munthu mmodzi yekha, mnzawo wa kuyambira ku pulayimale amene timawatcha a Magalasi. Iwowo akugwirabe ntchito pakampani imene achimwene anachoka. Basi achimwene anayamba kukumbukira zinthu. A Magalasi anafunsapo kuti detabesiyo itha liti, ankafunsiranji? Lamlungu lina anabwera ndi fulashi yokoperamo mafayilo m'thumba. Inali ya chiyani? Achimwene anasintha pasiwedi, ndipo mnzawoyo akaimba foni ankangoitembenuza chafufumimba.

Loweruka masana a Magalasi anatulukira. Ine ndinali pakhomo la khitchini, ndikupukuta mbale.

"Aise, wamwalira osatiuza? Sabata yonse zii!"

"Bwana wako ali bwanji?" anatero achimwene. "Wamupatsa mafayilo angati?"

A Magalasi anaseka, kenako anaona kuti akuseka okha. "Ukuti chiyani iwe?"

"Mlendo. Kadzina kokoma. Unasankha wekha kapena anakusankhira ku ofesi?"

"Zaka zonsezi tikudya mbale imodzi, lero ndasanduka mbava?"

"Nanga ndani? Gawo lija ndinatumizira iwe wekha. Ukufuna ndinene kuti ndi amayi? Kapena Kachete?" Anandiloza ndi chala osacheuka n'komwe.

A Magalasi anavula magalasi awo, kuwapukuta ndi malaya, n'kuwavalanso. Anatola chikwama chawo pampando.

"Ndikatuluka muno, usadzandionenso."

"Chitseko si icho?"

Mbale ija inali itauma kalekale koma ndinkangoipukutabe. A Magalasi anagwira chitseko.

"Achimwene."

Sanamve. Ndinaika mbale pa tebulo, inalira kuposa mmene ndinkafunira, ndipo onse awiri anatembenuka.

"Achimwene, asiyeni. Mlendoyo ndine. Fayilo ija ndinaiona pa laputopu yanu, inu mukusamba."