Dzina la M'mphepete mwa Tsamba

Anthu a mumsewu umenewo ankangowatchula kuti a Chikuto, ndipo eni ake anatopa kalekale kukana dzinalo. Zaka makumi anayi anakhala pa benchi imodzimodzi, m'kachipinda kopanikizika pakati pa wometa tsitsi ndi sitolo ya mapaipi, akusoka ndi kumata mabuku amene eni ake anawang'amba okha. Tsopano msana unkayamba kuwawa asanatsegule n'komwe chitseko, maso ankafuna magalasi, ndipo fungo la guluu linawalowerera mpaka m'jekete la kutchalitchi.

Ambiri mwa mabuku obwera pamenepo anali Mabaibulo. A Chikuto ankadziwa mtima wa mwini buku poona pamene zala zadetsa. Wamasiye amadetsa masalimo, wokonda mtsutso amadetsa makalata, wamantha amadetsa kumapeto. Koma masamba a mibado, aja a uje anabereka uje, uje anabereka uje, ankabwera oyera mbee, ena akadali omatirirana. Panalibe wowawerenga. Nawonso, tinene zoona, ankangowasoka n'kupitirira.

Lolemba lina mwana wawo wamkazi, namwino wa kuchipinda cha ana, analowa ndi khanda kumsana. Anaika pa tebulo Baibulo lopanda chikuto, lomangidwa ndi kansalu, ndi pepala lopindidwa kanayi.

"Ababa, ili ndi lija la malemu amayi. Taonani mmene lathera. Mulikonze, ndiye kutsogoloku muikeko tsamba latsopano, mulembepo mayina ali papepalawa. Kamunthu aka kabatizidwa Lamulungu, ndikufuna kadzadziwe kumene kanachokera."

"Wakulembera ndani?"

"Azakhali. Akuti atha sabata yonse akufunsa achibale pa foni. Ndathamanga, ababa, ndachedwa kale."

Atatuluka, a Chikuto anafunyulula pepalalo. Azakhaliwo anali mlongo wa bambo womubereka namwinoyo, bambo amene anachoka mwana asanamere dzino, akuti akukafuna ntchito, ndipo anaifunadi mpaka kumanda. A Chikuto, pokwatira mayi ake, anamupeza mwanayo ali ndi zaka ziwiri, wachifuwa chosatha, wolira akaona ndevu. Ndiwo anamunyamula paphewa kupita naye kuchipatala, ndiwo anamuphunzitsa kugwira pensulo pa tebulo lomweli. Papepala panali mibado isanu ndi iwiri, yotsika bwinobwino mpaka kwa wofuna ntchito uja, kenako namwino, kenako khanda. Anawerenga kawiri, napukuta magalasi, n'kuwerenganso. Dzina lawo panalibe.

Zinawapweteka, palibe chobisa. Koma ntchito yawo inali ndi lamulo limodzi limene sanaliswepo: chimene wabweretsa mwini buku ndi chimene umalemba. Suwonjezera, suchotsera. Ngakhale munthu atalakwitsa dzina la agogo ake, iwe umakopera cholakwikacho ndi dzanja lokongola.

Lachitatu masana wometa tsitsi, atasowa mutu woti amete, anadzakhala pakhomo monga mwa chizolowezi chake. Munthu ameneyu maso ake sankadutsa pepala osaliwerenga.

"Achimwene, mzere wonsewu inu mulibemo? Kapena akusungirani tsamba lanulanu?"

"Chibale ndi fupa, sichiwola," anayankha a Chikuto osadzutsa mutu. "Ife opeza ana ndife mnofu chabe."

"Aaa, bodza ilo. Paja amati mwana wa mnzako ngwako yemwe."

"Amatero mwana akamatentha thupi. Pa pepala salemba choncho."

"Ndiye dzilembenipo nokha. Cholembera chili m'manja mwanu, akumangani ndani?"

"Iwe munthu akati umumete m'mbali mokha, umametanso ndevu poti lumo lili m'manja mwako?"

"Ndimameta, akagona," anatero wometayo, n'kuseka yekha mpaka kutsokomola. A Chikuto sanaseke. Anali atatopa, kutopa kwa munthu amene wasenza katundu ulendo wonse, pofika n'kumva kuti akuthokozedwa ndi wina.

Tsiku lomwelo anayamba kumasula Baibulo lija, mtolo ndi mtolo, akuchotsa ulusi wakale. Atafika pamene pamayambira nkhani ya Ambuye anaima. Tsamba la mibado linali lakuda. M'munsi mwake, pangodya, pepala linali litafewa ngati nsalu chifukwa cha chala. Zaka zonsezi anali asanaonepo zotere, ndipo buku lake linali la mkazi wawo, munthu amene kuwerenga kunkamuvuta, woloza liwu lililonse ndi chala.

Anakhala pansi n'kuwerenga tsambalo koyamba m'moyo wawo. Mayina ankakola lilime, koma ena anawazindikira. Munali mafumu oipa amene mlaliki aliyense amawadzudzula. Munali akazi amene azakhali akanawafufuta ndi rabala: wina wa mbiri yoipa m'mudzi mwake, wina mlendo wokunkha m'munda wa eni, wina mkazi wa mwini. Onsewo analembedwa, palibe anabisidwa. Ndiye kumapeto, pomwe panali chala cha malemu, nyimbo ija ya anabereka, anabereka inaduka. Mmisiri wa matabwa uja, amene analera Ambuye, sanabereke mwanayo. Anangotenga mayi ndi mwana n'kuwasunga. Komabe mzere wonsewo, kuchokera kumwamba kwa tsamba, unatsikira pa dzina lake.

A Chikuto anavula magalasi. Mkazi wawo sanawauzepo kanthu za tsamba limeneli. Kaya ankaliwerengera iwo, kaya ankadziwerengera yekha pofuna kudzilimbitsa mtima kuti Mulungu sanyansidwa ndi banja la zigamba, panalibenso womufunsa. Chimene anaona n'chakuti Mulungu anamulemba mmisiri uja, pamene azakhali anakhwimitsa lamulo kuposa Mwini wake. Zinawatonthoza pang'ono, koma pang'ono pokha, poti khanda lija silidzakula likuwerenga maganizo a nkhalamba. Lidzawerenga zimene zili pa tsamba.

Lachinayi anajambula mizere ndi rula, nalemba mayinawo ndi inki yakuda, lililonse pamzere wake. Atafika pakati pa wofuna ntchito ndi namwino, dzanja linaima m'malere. Akanatha. Koma dzina lodzilemba wekha lili ngati kudziitanira pa mphasa ya eni, ukhalapo koma sukhazikika. Kupempha nakonso kunali kovuta: munthu wa imvi angayambe bwanji kufunsa mwana wake kuti kodi ine ndine ndani wako? Anatalikitsa mizereyo kuti idzaze tsamba lonse, pasaoneke mpata, kenako anamata tsambalo m'buku.

Lachisanu madzulo namwino anafika ali wefuwefu, maso ali ofiira ndi tulo. Anavula nsapato pakhomo, nadzigwetsa pa mpando, khanda lili pamiyendo.

"Mwamaliza, ababa? Miyendo yangayi si yanganso."

"Kwatsala kudula m'mphepete basi. Tsamba latsopanoli latulukira kunja. Taliona kaye ngati ndakopera bwino."

Namwinoyo anatsegula bukulo n'kumwetulira poona zilembo. Anayamba kuwerenga mokweza, akugwedeza khanda, akuseka mayina ena achikale. Atafika pa dzina lake anasiya. Chala chinabwerera m'mwamba, chinatsikanso.

"Nanga inu muli pati?"

"Papepala panalibe."

"Panalibe bwanji?"

"Ndi mzere wa magazi umenewo, mwanawe. Azakhali ako sanalakwe."

"Ababa, ine pepalalo sindinaliwerenge! Mayina ngati amenewa amawerenga ndani? Ndinangolilandira n'kuliponya m'chikwama." Anatero manyazi ndi mkwiyo zitasakanikirana. "Ndiye inu mwakhala chete masiku onsewa, mukulemba mokongoletsa chonchi? Foni muli nayo ya chiyani?"

"Ine ndimakopera zimene andipatsa."

"Ine si kasitomala wanu! Chotsani tsambali, mulembe lina."

"Guluu wagwira. Ndikalikoka ling'amba buku la amayi ako."

"Ndiye lembani apa, pakatipa."

"Palibe malo. Waona wekha."

Namwino anayang'ana m'mphepete mwa tsambalo. Kenako anasolola bolopeni yofiira pa thumba la yunifolomu, ija yolembera makadi a odwala, natembenuza bukulo cham'mbali. Pa kachigawo kotulukira kunja kaja analembapo dzina lonse la a Chikuto, dzina lawo lenileni, n'kuwonjezera kuti: amene anandilera, bambo anga. Zilembo zake zinali zija za anthu a kuchipatala, zokhotakhota ngati mapazi a nkhuku, ndipo zinaima pambali pa zilembo zokongola zija ngati mlendo wosaitanidwa.

"Wawononga ntchito yanga," anatero a Chikuto, mawu ali otsika. "Komanso pamenepo ndi podula. Mpeni udutsa pomwepo."

"Dulani."

Anatero n'kuyamba kuyamwitsa mwana, maso ali kumbali. A Chikuto ananyamula bukulo kupita nalo ku makina odulira ali pakona. Analiyika pansi pa mpeni, naliwongola, namanga chopanira monga achitira ndi mabuku osawerengeka. Chiyambire ntchito yawo, buku la tsamba lotulukira kunja linali lisanatulukepo pakhomo limenelo, ndipo ankanyoza poyera amisiri amene amachita zotero. Anagwira chogwirira. Zilembo zofiira zija zinali kunja kwa mpeni, mbali imene imagwera m'dengu la zinyalala.

Anaima choncho mpaka dzanja linayamba kuwawa. Kenako anamasula chopanira, natulutsa bukulo, nalikulunga m'pepala mosamala kuti tsambalo lisapindike.

"Kutchalitchiko akakafunsa amene wamata buku loipa chonchi," anatero akumupatsa, "usakanditchule."

Namwino analandira ndi dzanja limodzi, lina litagwira khanda.

"Akaona okha, ababa. Dzina lili panja."