Kubetcha pa Mpikisano Wotha Kale

Chaka cha 1984 ine ndinali munthu wa njinga. Sukulu imene ndinabwerera kuno ku Amereka inali itandikana kawiri konse, ndipo kwathu ku Ntcheu ndinali nditaleka kulembako makalata. Ndikanalembamo chiyani? Kuti mwana wanu Fryson, amene munamuperekeza ku Chileka ndi nyimbo, akupalasa njinga ku Foggy Bottom kugawa maenvelopu m'maofesi? Ayi ndithu. Ngakhale kutchalitchi kumene Amalawi ankakumana ndinasiya kupondako, chifukwa funso lawo linali limodzi lomwelo: "Mumaliza liti, achimwene?" Linkandinyansa funso limenelo.

Tsiku lina tcheni chinandidukira ndili ku Arlington. Ndinakankha njinga mpaka pa kagalaja kena kokonzerako njinga, kuseri kwa nyumba zitalizitali. M'katimo ndinapeza bambo a ku Japan, aafupi, aimvi mutu wonse, koma ntchafu zawo zikuluzikulu zosayenerana ndi thupi. Dzina lawo a Kurata. Anayang'ana njinga yanga, n'kundiyang'ana ine, n'kupukusa mutu ngati ndawatukwana.

"Mafuta," anatero m'Chingerezi chawo chothyokathyoka. "Unaithira liti mafuta?"

Ine ndinangoloza pakhoma. Pamenepo panapachikidwa njinga yowonda yachitsulo, yopanda mabuleki, yopanda magiya. "Nanga iyo," ndinatero, "ndi ya munthu wotopa ndi moyo?"

Anaseka mpaka kutsokomola. Anandiuza kuti ndibwere Loweruka, adzandionetse ntchito yake.

Ndinapita, poti Loweruka ndinalibe kwina kopita. Anayala nyuzipepala za kwawo pa benchi, n'kuyamba kundifotokozera za mpikisano wotchedwa keirin. Anati unayamba nkhondo itangotha, mizinda ili phulusa lokhalokha, kuti anthu azibetcha ndipo phindu lake lizimangira misewu ndi masukulu. Okwera amakhala asanu ndi anayi, aliyense ndi nambala yake, pa bwalo lozungulira lopendekeka ngati mbale. Kutsogolo kumakhala munthu wina wowatchingira mphepo. Iyeyo amati akawazungulitsa kangapo n'kupatuka, belu n'kulira, basi nkhondo yayambika. Iwo anakwera mpikisano umenewu zaka khumi ndi zisanu, pa njinga ya pakhomayo.

Nyuzipepalazo ankawatumizira ndi mnzawo wakale, ndipo zinkafika patatha milungu itatu. Ndiye taonani misala yake. Tsamba la zotsatira ankalitembenuza chafufumimba n'kulitsindira ndi sipanala. Tsamba la mayina ankaliika pakati pathu. Aliyense asankhe nambala yake, kenako tichotse sipanala. Anthu aja anathamanga kalekale, opambana anadya kale ndalama zawo, oluza analira n'kutonthola, koma ife ku Arlington mitima ili phaphapha. Woluza ankapanga tiyi.

Ine zilembo za Chijapani sindinkaziwerenga, ndinkangosankha nambala mwachimbulimbuli. Komabe tiyi ankapanga kawirikawiri ndi iwo. Patapita miyezi ndinazindikira chifukwa chake. Chala chawo chinkagwera pa dzina limodzimodzi nthawi zonse, moti mpaka ine ndinaloweza maonekedwe ake.

"Bambo inu," ndinawafunsa, "ameneyu anakudyetsani chiyani? Munthu wake sapambana uyu."

"Ndi Noboru," anayankha. "Mwana wanga."

Nkhani yonse anandiuza tsiku lomwelo, maso ali pa sipoko imene ankamanga. Ku keirin, okwera akafika pa bwalo amatsekeredwa masiku atatu kapena anayi. Palibe foni, palibe kalata, palibe mlendo, kuopa kuti obetcha angawanyengerere kuti aluze dala. Mu 1965 munthu wina wachifundo anawalowetsera kapepala mobisa, konena kuti akazi awo adwala mwakayakaya. Tsiku limenelo anthu ambiri anali atabetcha pa iwo. Mutu sunagwire, anamaliza achisanu ndi chitatu. Anthu anawagenda ndi mabotolo, kapepala kanapezeka, ndipo palibe anafuna kumva kuti munalembedwa chiyani. Anawachotsa. Akazi awo anachira, koma kusukulu ana anayamba kumutcha Noboru mwana wa wogulitsa mpikisano. A Kurata anaona kuti kuli bwino achoke, dzina lawo lisamamutsate mwanayo. Kuyambira pamenepo sanamulembere ngakhale kamodzi, ndipo mnzawo wa nyuzipepala uja anamulumbiritsa kuti asaulule kumene ali.

"Zaka pafupifupi makumi awiri!" ndinakuwa. "Inu ndinu ouma mtima."

"Nanga iwe unalemba liti kwanu?"

Ndinadzuka n'kukatereka madzi a tiyi, ngakhale tsiku limenelo ndinali nditapambana.

Kunena zoona, Loweruka limenelo ndi lokhalo linkandisunga. Masiku enawo ndinkalankhula ndi alonda a pazitseko basi, "sainani apa", "zikomo". Chipinda changa chinali ndi bedi, ketulo ndi wailesi yolira zinthu zosandikhudza. Munthu woti n'kundifunsa ngati ndadya anali mmodzi m'dziko lonseli, ndipo anali a Kurata.

Loweruka lina la mwezi wa Okutobala, mu 1985, ndinapeza galaja ili yotseka. Mwini nyumba anandiuza kuti anawatenga ndi ambulansi dzulo lake. Ndinawapeza kuchipatala ali ndi machubu m'mphuno, nkhope itachepa. Unali mtima. Dokotala anandifunsa ngati ndikudziwa abale awo, poti zinthu zikhoza kupita kulikonse.

A Kurata anamva. Anandigwira dzanja. "Usauze munthu," anatero. "Lachiwiri Noboru akulowa m'bwalo. Wamva?"

Ndinavomera ndi mutu, koma mtima unakana. Kwathu munthu akagona chonchi uthenga umapita, kaya ndi pa njinga, kaya ndi pa wailesi, mpaka umupeze mwana wake kumene ali. Munthu afe mwana asakudziwa, ine ndili pomwepo ndikudziwa? Anthu angandione bwanji? Zoti amatsekeredwa ndinkazidziwa bwinobwino, sindinganame. Koma ndinati m'mutu mwanga, aaa, malamulo a njinga angapose matenda a bambo?

Ndinadikira Lamlungu, ndinadikira Lolemba, osasintha. Lachitatu madzulo ndinatenga nyuzipepala imene a Kurata anazunguliza ndi pensulo dzina la bwalo ndi nambala yake ya foni. Ndinapita nayo kwa Mwangala, mayi wa ku Lusaka amene ankalumikiza mafoni pa ofesi ina yomwe ndinkasiyako makalata.

"Iwe Fryson, ufuna banichose nchito?" anatero Mwangala. Koma atamva nkhani yake anapumira m'mwamba. "Nikupasa maminiti yatatu chabe. Kamba mwamsanga."

Ku Japan kunali kutacha. Anayankha bambo wina, n'kuitana wina, winanso n'kuitana wina wodziwa Chingerezi pang'ono. Ine ndinkangokuwa mawu omwewo: "Kurata Noboru! Bambo ake! Chipatala! Amereka!" Bambo uja anawabwereza limodzilimodzi, n'kufunsa kuti ndine yani. Ndisanayankhe, Mwangala anaona abwana ake akubwera, n'kudula foni.

Ndinatuluka ndikudzimva ngati munthu wamkulu amene wagwira ntchito yake.

A Kurata sanafe. Lachisanu anali atakhala tsonga akumwa supu, ndipo ine ndi pakamwa pangapa ndinawauza zonse, ndikumwetulira. Anaika supuni pansi pang'onopang'ono.

"Unaimba ku bwalo? Ali m'kati?"

"Eya, koma ndinangonena za matenda."

"Kapepala kanga kankanenanso za matenda. Foni yochokera kunja kwa dziko, munthu wosadziwika, akutchula dzina langa. Dzina langa! Zaka zonsezi ndakhala ndikulibisa kuti mwanayo azikwera mwamtendere. Choka."

"Bambo, ine ndimafuna..."

"Choka!"

Ndinachoka. Milungu itatu imeneyo sindidzaiiwala. Ndinamva kwa mwini nyumba kuti atuluka m'chipatala, koma sindinayerekeze kulowa. Ndinkadutsa pa galaja ndi njinga, n'kuona nyale ikuyaka m'kati, n'kupitirira. Loweruka ndinkakhala pa benchi m'mbali mwa mtsinje, masamba akugwa, ndikudzitukwana. Ngati mwana uja amuchotsa ntchito chifukwa cha ine, ndiye kuti ndawononga anthu awiri, ndipo ndatayanso mnzanga yekhayo amene ndinali naye. Ndinkaopa kwambiri.

Milungu itatuyo itatha, Loweruka ndikudutsa, ndinawapeza ataima pakhomo atavala chijasi, phukusi la nyuzipepala lili m'khwapa, losatsegula.

"Lowa," anatero. "Tiyi upanga ndiwe, kaya upambana kaya uluza."

Sitinabetche. Sipanala inangokhala pambali. Anatsegula tsamba la tsiku loyamba la mpikisano uja n'kutsetsereka ndi chala mpaka pa dzina lija. Nambala ndinaiwerenga ndekha: Noboru anamaliza wachiwiri. Chaka chonsecho anali asanachitepo bwino chotero. Anatsegula la tsiku lotsatira, tsiku la foni yanga. Dzina linalipo, koma pamene pamakhala nambala panali chilembo chimodzi chachilendo.

"Sanakwere," anatero.

"Amuchotsa?"

Anakhala nthawi yaitali atayang'ana chilembocho, anavula magalasi, anawapukuta, anavalanso.

"Ayi. Chilembo cha munthu wochotsedwa ndimachidziwa, ndinachiona pa dzina langa. Ichi n'china. Ichi amalembera munthu amene wapempha yekha kuti atuluke. Anayamba bwino chonchi, n'kutsika panjinga. Wopusa. Mwana wopusa kwambiri."

Misozi inali ikutsika n'kumagwera pa nyuzipepala, iwo osaipukuta. Ine ndinayang'ana ketulo.

"Ndiye ali kuti?" ndinafunsa. "Milungu itatu yonseyi bwanji osafika?"

Anandiyang'ana. "Unawauza kuti ndili kuti?"

"Ndinati Amereka."

"Amereka," anabwereza. "Mzinda wanji? Chipatala chanji? Nambala ya foni?"

Kalanga ine! Ndinafuna pansi patseguke. Munthu anasiya mpikisano chifukwa cha bambo ake, n'kutuluka pa geti, chikwama m'manja, wosadziwa kolowera. Milungu itatu akuganiza kuti mwina bambo ake anamwalira kwinakwake m'dziko lalikulu ngati lino.

A Kurata anang'amba pepala lokutira phukusi lija n'kuyamba kulemba kuseri kwake. Analemba mizere inayi yokha. Pamwamba penipeni analemba adiresi yawo m'zilembo zathuzi, zikuluzikulu, n'kuibwerezanso m'munsi. Anati kalatayo ndiitumize kwa mnzawo uja, akaipereke pamanja kwa Noboru. Sindinapalasepo njinga ngati tsiku limenelo, ndipo ndinapeza positi ofesi itatsala pang'ono kutseka.

Noboru anabwera mu Disembala, chipale chofewa chitayamba kugwa. Anali wamtali, wamanyazi, ntchafu ngati za bambo ake. Zimene anakambirana awiriwo sindinazimve, ndipo sizinali zanga. Atandiona anawerama mpaka m'chiuno, n'kukhala choncho nthawi yaitali. Ine ndinasowa chochita, ndinangowomba m'manja mwachikwathu. Anakhala masiku khumi, akupakira zipangizo m'makatoni. Apa m'pamene ndinazindikira kuti sanabwere kudzangowaona. Anabwera kudzawatenga.

Ndinakondwa, inde. Koma ndinakwiyanso, ndipo ndinachita manyazi kuti ndakwiya. Ndinali nditaimba foni ndekha yondilanda Loweruka langa.

Tsiku lonyamuka a Kurata anatsitsa njinga ya pakhoma ija n'kundipatsa. "Mafuta," anatero, atandiloza ndi chala. Kenako anafunsa: "Iwe unaimbira mwana wa eni ake mpaka ku Japan. Kwanu kulibe foni?"

"Kumudzi kulibe."

"Positi?"

Galimoto inabwera, analowa, inapita.

Loweruka lotsatira ndinadzuka m'mamawa monga mwa chizolowezi, ndinavala nsapato, kenako ndinakumbukira. Ndinakhala pabedi. Njinga ija inali itatsamira khoma, ikudya theka la chipinda. Panja anthu ankakolopola chipale ndi mafosholo, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe wodziwa dzina langa. Cha m'ma teni ndinapita ku positi ofesi n'kugula pepala la buluu la kalata ya pandege. Ndinabwera nalo, ndinapanga tiyi, ndinaliyala pa bondo.

Zoti ndiwauze bambo anga ndinalibe, ndipo sindinkadziwa n'komwe ngati adakali moyo, poti zaka zinali zitakwana zinayi. Cholembera chinakhala m'mwamba mpaka tiyi anazizira. Ndiye ndinatembenuza pepalalo n'kuyamba ndi adiresi yanga: nambala ya nyumba, msewu, Arlington, Virginia, m'zilembo zikuluzikulu zoti ngakhale maso okalamba awerenge.