Woperekeza Tryphena

Nditabwerako ku Mangalande mu 1985, ndinapeza Chitungwiza yense, tauni yathu ya kuno kudziko la Ashona, atasintha kupatula achimwene anga a Zebron. Madambo amene tinkamenyerako mpira wachikulunga anali atadzaza nyumba zofanana ngati mabokosi a machesi, uku Zengeza 4, uko Unit C, mayina ngati a zipinda za m'chipatala. Ana a anthu athu ochokera ku Malawi ukawalonjera m'Chichewa ankakuyankha m'Chishona, kwinaku akuyang'ana nsapato zako. Koma a Zebron anali omwe aja: jekete lakuda, mawu apamwamba, ndi mtima wakuti ana onse a alongo awo ndi awo.

Mlongo wathu Esnath anali ndi mwana mmodzi, Tryphena. Bambo wa mwanayo anali Naison Mutizwa, Mshona wa ku Seke. Pamene Naison ankakwatira, abale ake anabwera ndi nkhani ya ng'ombe za malowolo, a Zebron n'kuwabweza. "Ife sitigulitsa akazi," anatero. "Mkamwini amabwera, n'kukhala." Naison anakhaladi, m'kachipinda ka kuseri, akutumidwa makala ndi parafini. Atatopa anafuna kutenga mkazi ndi khanda kupita nawo kwawo. A Zebron anaima pakhomo n'kumuuza kuti njira ya ku Seke akuidziwa, apite yekha. Anapita. Mwana anakalembetsedwa sukulu monga Tryphena Mbewe, dzina lathu, ndipo yunifolomu iliyonse imene anavala anagula ndi a Zebron.

Chaka chimene ndinabweracho Tryphena anakhoza Fomu 6 mochititsa mantha, ndipo anapatsidwa malo ku yunivesite kuti akaphunzire za mankhwala. Koma a Zebron anali atapuma ntchito ya kufakitale, Esnath ankagulitsa matimati, ndipo ine ndinabwera ndi mabuku okhaokha. Popanda sikolashipu malowo akanapita kwa wina. Bungwe lina la m'tauni linkapereka thandizo lotere kwa ana a dziko lino, ndipo linamuitana kukaonekera ku komiti pamodzi ndi kholo.

"Apite Esnath," ndinatero, "kapena ndipite ine. Makomiti ndimawadziwa."

"Nkhani ya mwana wa mbumba yanga akayankhe mkazi? Ine ndafa?" anatero a Zebron. "Iwe Bernard, ndi Chingerezi chakocho, ukatinyamulire ambulera."

Ndinawatsatira. Wapampando anali mayi wamagalasi, waulemu wozizira. Anamufunsa Tryphena za maphunziro, mwana n'kuyankha bwino moti mmodzi wa akomiti anasiya kuseweretsa cholembera. Kenaka mayi uja anatembenukira kwa a Zebron.

"Ndinu bambo ake?"

"Ndine woposa bambo. Ndine malume ake."

"Nanga bambo ali kuti?"

"Bambo anachita mbali yake n'kupita. Mwanayu anabadwa kwa mlongo wanga, choncho ndi wathu. Kwawo ndi ku Dedza."

Ndinawaponda phazi. Anangolichotsa n'kupitiriza, akutchula mudzi, mfumu, phiri, ndi dzina la agogo aakazi a agogo athu aakazi. Ankaganiza kuti akumukweza mwanayo. Ankaonetsa anthuwo kuti si wotola pamsewu, ali ndi kochokera. Tryphena, amene Dedza sanamuonepo ngakhale pa chithunzi, anali atazyolika.

"Ngati ndi choncho," anatero mayi uja, "mwanayu ndi wa ku Malawi. Akapemphe kumeneko."

Apa ndinatulutsa Chingerezi changa chonse, chimene ndinavutikira m'nyengo zachisanu zosawerengeka. Ndinanena kuti mwanayo anabadwira ku St Mary's, dera lathu la mu Chitungwiza momwemuno, kuti bambo ake ndi Mshona, kuti achimwene akunena za mwambo chabe. Mayi uja anandimvetsera mpaka ndinatha mpweya.

"Kuno mwana amatsata bambo," anatero. "Ngati bamboyo ndi wa dziko lino, abwere adzanene yekha pamaso pathu mwezi uno usanathe. Tikatseka, tatseka."

Panja ndinawakalipira achimwene monga sindinachitirepo chibadwire.

"Munakatani ku Dedza m'chipinda muja? Inu nomwe munachokako muli pamsana!"

"Ndimanama kodi?"

"Simumanama. Mumataya sukulu ya mwana."

Tryphena sanalire. Anangoti m'Chishona, "Ndinoda kudzidza chete, sekuru," kuwauza amalume akewo kuti iye akungofuna kuphunzira basi. A Zebron anamuyang'ana mopweteka. Sindikudziwa chimene chinawalasa kwambiri, mawuwo kapena chinenero chake.

Naison ndinakamupeza pa msika wa Huruyadzo, pamene ankapakira anthu mu Peugeot yake yakale, ena mpaka kubuti. Anali atanenepa, imvi zitayamba, koma Chichewa chimene anaphunzira m'kachipinda kaja anali nachobe.

"Alamu a ku London! Mwabwera kudzandituma makala?"

Ndinamufotokozera zonse. Anamvetsera akupukuta galasi lomwe linali loyera kale.

"Mwana wangayo ndimamuona akudutsa apa ndi mabuku," anatero. "Amandipatsa moni ngati kondakitala. Ndipita ku komitiko, sindikana. Koma osati chifukwa mwabwera inu. Abwere yemwe anaima pakhomo uja. Adzanene pano, anzangawa akumva, kuti mwana ndi wanga."

"Alamu, nthawi yatha."

"Ine ndadikira kuchokera ali m'matewera. Iwo alephera kuyenda kuchoka ku St Mary's kufika pano?"

A Zebron atamva anaseka. "Ndikagwadire mkamwini? Pamalo okwerera galimoto?" Ndinawauza kuti ndi wouma mutu. Anandiuza kuti munthu amene anasowa pa maliro a mayi ake sangawaphunzitse za banja. Esnath ankangopita uku ndi uku ndi tiyi amene palibe ankamwa. Masiku ankatha. Ndinayesa kwina: ku tchalitchi anati thandizo lawo ndi la ophunzira zaubusa, ndipo ku ofesi ya dziko la makolo athu kalaliki anandifunsa mwaulemu ngati mwanayo anaphunzirapo ku Malawi. Kuno ndi wa uko, uko ndi wa kuno. Ndawerenga mabuku ambiri onena za anthu opanda dziko, koma palibe limene linandiuza khomo loti ndigogode.

Amene anathetsa nkhaniyi ndi Tryphena, ndipo sanalankhule n'komwe. M'mawa wina analongedza mabuku ake m'katoni, n'kuikankhira pansi pa bedi la a Zebron. Anavala chitenje, anasenza dengu la mayi ake, n'kukakhala pa Huruyadzo kuunjika matimati. Masana a Zebron anadutsa pomwepo ali ndi ine, pochokera kokameta. Anamupeza mwanayo akukangana ndi mayi wina amene ankafinya matimati onse, ndipo mayiyo pochoka anamuponyera mawu aja amene timatukwanidwa nawo kuno, akuti Mabhurandaya, anthu a ku Blantyre.

A Zebron anawoloka msewu, ine ndili pambuyo, mpaka pa Peugeot ija. Madalaivala anasiya kuitana anthu. Achimwene anavula chipewa.

"A Mutizwa."

"Ndamva, alamu. Makala atha?"

Anthu anaseka.

"Mwana uja ndi wanu."

"Injini ikusokosa. Mwati bwanji?"

Injini inali yozima. A Zebron anabwereza mokweza, moti ndi Tryphena yemwe anadzutsa mutu kutsidya kwa msewu. Naison sanasekenso. Anatsitsa anthu amene anali atakwera kale, iwo akutukwana, n'kutsegula chitseko chakutsogolo.

"Kwerani. Muitaneni mwanayo asambe m'manja."

Ku ofesi kuja mlonda anatiimitsa pakhonde. Anati m'chipinda mulowe wophunzira ndi kholo lake basi. Naison analowa ndi ovololo yake ya mafuta, Tryphena pambuyo. Ife tinakhala pa benchi. Kudzera pa chitseko tinkamva Naison akutchula kwawo ku Seke ndi mtupo wake, chiwongo cha makolo ake, ndendende monga anachitira achimwene tsiku lija, koma ulendo uno palibe anamudula mawu. Tinamvanso kuseka kwa mayi wamagalasi uja. Sindinkadziwa kuti amaseka.

Patapita kanthawi kalaliki anasuzumira n'kufunsa wina m'katimo kalembedwe ka Mutizwa. Kenaka anationa.

"Sikolashipu wapatsidwa," anatero. "Inu ndinu ndani ake a Tryphena Mutizwa?"

Ndinatsegula pakamwa kuti ndimuuze za mayunifolomu, za makandulo a mayeso, za munthu amene ankayenda wapansi kupita kufakitale kuti mwana akwere basi. A Zebron anandigwira bondo.

"Tangomuperekeza," anatero.

Pobwerera Tryphena anakhala kutsogolo ndi bambo ake, akucheza m'Chishona chothamanga chimene ine sindinkachitola chonse. Ife awiri tinakhala kumbuyo. Titafika kunyumba a Zebron analowa kuchipinda osavula jekete, anakoka katoni ija pansi pa bedi, anaipukuta fumbi ndi mkono, n'kukaiika pakhomo la chipinda cha mwanayo.