Madontho Oyera M'mutu mwa Aminatu

Aminatu anadziwa kuti zinthu zavuta tsiku limene amuna ake, a Sidiki, anatsuka mbale.

Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ali pabanja, bambowa sankadziwa n'komwe pokhala sopo. Koma Lachiwiri limenelo atangoweruka kuntchito yawo yoyendetsa lole ku Limbe, anavula chipewa n'kukanjuta pabeseni kuseri kwa nyumba. Aminatu anawasuzumira pazenera.

Matendawa anayamba miyezi isanu m'mbuyomo. Diso lakumanzere linachita chifunga masabata atatu, kenako linayera lokha. Atangoiwala za diso, dzanja lamanja linachita dzanzi, mwendo n'kumakoka ngati wobwereka. Kwa telala ngati iye, wosokera pakhonde la sitolo ku Limbe, imeneyi sinali nkhani yaing'ono, poti ulusi unayamba kukana kulowa pasingano. Kuchipatala anati akajambulidwe m'mutu. Anamugoneka m'chimakina chonga mgolo, chaphokoso ngati chigayo, n'kumuuza kuti zithunzi zikatuluka adzapite nazo kwa dokotala wa mitsempha pakatha masabata awiri.

Wokatenga zithunzizo anali a Sidiki.

"Sizinatuluke, amake Tasnim," ankatero akafunsidwa, maso ali pansapato.

Loweruka kunatulukira achemwali a Aminatu, a Halimatu, kuchokera ku Mangochi, mpunga pamutu, nkhuku m'khwapa, osaimba ndi foni yomwe. Lamlungu kunabwera amalume ake, a Afisa, omwe sanaponde pakhomo pawo ku Chilobwe ngakhale pamene Tasnim ankabadwa. Amayi a kumzikiti anabwera awiriawiri, kukhala pamkeka, kuyankhula chapansipansi.

"Muchira, achemwali. Mulungu ndi wamkulu."

Aminatu ankaidziwa nyimbo imeneyi chifukwa anaiimbapo yekha. Apongozi ake akudwala, adokotala anaitanira iyeyo panja monga gadiyani n'kumuuza zoona zake, iye n'kubwerera pabedi akumwetulira, "Muchira, amayi." Wodwala sauzidwa. Amangoona achibale akuchuluka.

Lolemba anakwera minibasi ya ku Limbe, mwendo ukukoka, n'kukalowa m'sitolo ya a Zakir momwe ankagula nsalu. Anakhudza mipukutu itatu yoyera ndi dzanja lamanzere, lomwe linkamvabe bwino, n'kusankha yolimba.

"Wamwalira ndani?" a Zakir anafunsa atamva mamita ake.

"Palibe. Dulani basi."

Sankafuna kuti sanda yake, nsalu yodzamukulungira akamwalira, idzasankhidwe ndi amuna othamanga, osasiyanitsa nsalu ndi sefa. Anaipinda bwino n'kuiika pansi pa sutikesi, pamwamba n'kusanjikapo zovala za ku Juma, mapemphero a Lachisanu.

Lachisanu m'mawa a Sidiki ankafuna mkanjo wawo. Aminatu akusesa pabalaza anamva kuchipinda kwangoti zii. Atalowa anawapeza atakhala m'mphepete mwa bedi, nsalu ija ili pamiyendo.

"Ichi n'chiyani?"

"Mukuchidziwa."

"Wakuuzani ndani?"

"Mbale zandiuza. A Afisa andiuza. Nkhuku ya achemwali yandiuza. Ndinu nokha amene simunandiuze."

A Sidiki anatuluka. Anapita pomwe anaimika lole, n'kubwera ndi envulopu yaikulu yomwe inagona masiku khumi kuseri kwa mpando. Anasolola chithunzi chakuda n'kuchigwira pazenera. Panali mitu ing'onoing'ono yambiri m'mizeremizere, ngati phwetekere wodulidwa pakati. Mkati mwa ina munali timadontho toyera, ngati mpunga wotayika pansalu yakuda.

"Mukukumbuka chithunzi cha pachifuwa cha achimwene a Abdala?" anatero. "Madontho oyera ngati omwewa. Patangotha miyezi itatu tinawaika m'manda."

"Adokotala anena choncho?"

"Ndaona ndi maso angawa. Kalata ilimo, koma ndi Chingerezi cha mawu ataliatali."

Aminatu anawayang'ana. Anafuna kukalipa, koma anaona kuti amuna ake aonda m'khosi.

"Inu a Sidiki, udokotala munauyamba liti? Mwaitanitsa Mangochi yense chifukwa cha chithunzi choonera pagalasi la lole?"

"Ndimati ndisenze ndekha."

"Mwasenza, mwaonda. Lolemba tipitira limodzi."

Dokotala wa mitsempha anali mayi wa imvi zapatalipatali, wovala nsapato zafulati. Anawerenga kalata ija, n'kupachika zithunzi pagalasi lowala. A Sidiki anakhosomola, n'kuloza chitseko ndi nsidze.

"Adokotala, mwina tionane kaye panja pang'ono."

"Ayi," Aminatu anatero. "Mutu ndi wanga. Muuze ine. Awa amvere nawo."

Adokotala anatembenuzira mpando wawo kwa iye.

"Chabwino, mayi. Choyamba, chotupa sindikuchiona. Izi si khansa."

A Sidiki anapuma ngati tayala lobooka.

"Nanga madonthowo?" Aminatu anafunsa.

"Ndi zipsera. Bambo, mumayendetsa galimoto eti? Waya wa nyali akasupuka pulasitiki wake chimachitika n'chiyani?"

"Nyali imaphethira. Pena kuyaka, pena kuzima."

"Mitsempha ya m'mutu nayo ili ndi chokutira chake. Pali matenda amene asilikali a m'thupi amasokonekera n'kumakanda chokutiracho. Pokandikapo ndi pamene pakuoneka poyerapa. Uthenga wopita kudiso kapena kudzanja umachedwa, pena sufika. Pachingerezi amati multiple sclerosis. Dzina lachichewa alibe, chifukwa kuno sitiwaona kawirikawiri."

"Ndiye ndi amenewo?"

"Ndikuwaganizira. Malo amene madonthowa akhala, diso lija, dzanjali, zonse zikuloza komweko. Koma chithunzi pachokha sichigamula mlandu. Madontho oyera amabweranso ndi kuthamanga kwa magazi, ndi tizilombo tina, ndi matenda ena ofanana nawo. Tiyeza magazi. Titengako madzi a pamsana. Pakapita miyezi tidzajambulanso, tione ngati awonjezekera."

"Madzi a pamsana ayi," a Sidiki analumphira. "Anthu amafa nazo zimenezo."

"Ambiri amene munawamvawo anafika atadwalika kale," adokotala anayankha mofatsa. "Singano inangopezeka pafupi."

"Singano ndimagwira tsiku lililonse," Aminatu anatero. "Mudzatenge. Koma mundiuze chimodzi, osandinyengerera. Ndikufa?"

"Chithunzi ichi sichikunena za maliro, mayi. Ngati ali matenda amenewa, sachizika, sindikunamizani. Kwa ambiri amabwera n'kupita. Pali mankhwala ochepetsa ukali wake akabuka, ndi ena owachedwetsa, ngakhale enawa amavuta kwambiri kuwapeza kuno. Masiku ena mwendo udzakana. Ena amadzafika poyendera ndodo. Koma anthu amakhala nawo zaka zambirimbiri, kulera ana, kugwira ntchito."

"Dzanjali libwerera?"

"Mwina lonse, mwina theka. Sindikudziwa."

Yankho limenelo Aminatu analikhulupirira kuposa "muchira" yense wa sabata ija. Silinali lokoma. Anayang'ana dzanja lake lili pamwendo, n'kuganiza za madiresi a ukwati atatu omwe ankamudikira ku Limbe, ndi za Tasnim yemwe anali asanalembe mayeso a folomu foro. Misozi inabwera iwiri, anaipukuta ndi nsonga ya mpango.

Kenako anaimirira n'kuyandikira galasi lowala lija. Anawerenga madontho ndi chala: asanu ndi awiri.

"Ndawaona," anatero. "Tikadzajambulanso ndidzawerenga ndekha."

Atafika kunyumba, a Halimatu anali atapha kale nkhuku ija. Aminatu anawafotokozera zonse yekha, ali chiimire pakhomo, n'kuwauza kuti akauze a Afisa kuti ulendo wawo unali wongodzacheza. Kenako analowa kuchipinda n'kutulutsa nsalu yoyera ija, tepi ili m'khosi.

"A Sidiki, imani apa. Tambasulani manja."

"Mukufuna kutani?"

"Mkanjo wanu uja watha m'khosi. Mukundichititsa manyazi kumzikiti, mwamuna wa telala."

"Ndi nsalu ya sanda?"

"Sanda ndi imene yakulunga munthu. Iyi ndi nsalu, yabwinonso. Ndinasankha ndine."

Anawayeza mapewa, manja, msinkhu, akulemba manambala okhotakhota kuseri kwa envulopu ya zithunzi. Anakhala pamakina ake osokera, omwe anawabweretsa kunyumba atayamba kudwala, ananyowetsa nsonga ya ulusi ndi malovu, n'kulunjika pabowo la singano. Unapita pambali. Anayesanso, unapindika. Kachitatu zala sizinamve n'komwe kuti zagwira kanthu.

Anauyang'ana ulusi uli m'manjamo. Kenako anautambasulira kwa amuna ake osawayang'ana.

A Sidiki anagwada pambali pa makina. Zala zawo zinali zikuluzikulu, zozolowera sipanala. Anatseka diso limodzi, lilime lili panja. Kachinayi ulusi unalowa.

"Mbale muzisiye," Aminatu anatero akupondaponda makina ndi mwendo wabwinowo. "Mumasiya mafuta. Ntchito yanu ndi imeneyi, m'mawa uliwonse musanapite ku lole."