Mizere ya Phulusa ku Kawaza

Mwaswera bwanji, owerenga? Tiyamike Mulungu amene watisunga mpaka lero.

"Lolemba thirakitala ikubwera," anatero Edwell, akuponya buku la atate ake pamphasa. Panali patapita masiku atatu chiwaikireni atate akewo, a Barnabas, m'manda.

Bukulo anawasiyira mlendo wina wa ku loji. Linkafotokoza mpira ndi manambala okhaokha. Chiliwerengereni, a Barnabas anasandutsa theka la munda wawo bwalo la timu ya ku Kawaza, ndipo Loweruka lililonse ankakhala pambali ndi pensulo, kulemba makona ndi mapasi.

Edwell anatembenukira kwa amayi ake. "Zaka naini, amama! Njovu zikutha chimanga kudambo, atata ali pa makona. Chikho chili kuti? Bwalo lija tilimepo thonje."

Mlongo wake Tina anatola bukulo nalipukuta. "Achimwene, dothi la pamanda silinaume n'komwe."

"Werenga wekha. Buku lawo lomwelo likuti timu yolipira bwino osewera ndiyo imapambana. Osewera a timu ya ku Chinzombo ali pantchito, ali ndi nsapato. Athuwa akumenya bola ndi zikang'a. Atata ankadziwa kuti sitingawine. Ankavutikiranji?"

Tina anapeza tsambalo. M'mphepete munali zolemba za pensulo, ndipo anaziwerenga mokweza: "Zoona. Pa masewera teni, olemera atenga eyiti. Nanga awiri otsalawo ndi a yani? Goliati nayenso anali ndi nsapato."

"Ndiye tizidya masewera awiri?" anakalipa Edwell. "Amama, mundawu ndi wanu tsopano. Nenani."

Mayi Tabeth anakonza duku lawo lakuda. "Nanenso bukuli linanditopetsa, mwanangu. Ine ndikupemphera, munthu ali kunong'ona manambala pambali panga. Kodi lero ndi lachingati?"

"Lachisanu," anayankha Tina.

Mayiwo ananyamuka n'kulowa m'khitchini. Anatuluka ndi ndowa yodzaza phulusa ndi chingwe chachitali, nalunjika kubwalo, ana ali pambuyo. Atafika pangodya, anakhoma chikhomo.

"Mawa kuli mpira. Atate ako sankalola mzere wokhota. Ankati mzere ukakhota, manambala amanama. Gwira uko."

Edwell anayang'ana nthaka yachondeyo. Anatsonya. Kenaka anawerama, natola nsonga ya chingwe, n'kuyamba kubwerera chambuyo mpaka chinakungika.

Ambuye akusungeni, owerenga, ndipo awongole mizere yanu.