Polishi wa ba Edness

Panatsala masiku atatu kuti amayi mazana atatu afike ku Chinyunyu kudzachita msonkhano wawo wapachaka, koma thanki ya madzi ya pampingo sinali kudzaza. Mlandu wonse unagwera Fainess, mtsikana wobadwira pomwepo amene anaphunzira za magetsi a dzuwa ku Lusaka. Ndiye amene anawerengera pa laputopu yake kuti mapanelo asanu ndi limodzi akwana kuyendetsa pampu ya pachitsime, ndipo mpingo unamukhulupirira.

Milungu yoyamba madzi ankasefukira dzuwa lisanapendeke. Tsopano pampu inkangolira ngati munthu wodwala chifuwa, thanki n'kuthera pakati.

"Mwana wanga," anatero ba Bornface, mkulu wa mpingo, "kompyuta yako mwina inawerengera dzuwa la ku Lusaka. Mawa madzi akapanda kudzaza, tiitana amuna a m'tauni adzazule zonsezi."

Fainess anakhala pakhonde la tchalitchi, natsegula pa laputopu pulogalamu yake yowerengera mphamvu ya mapanelo. Anayang'ananso malo pa mapu, anali Chinyunyu yomweyo. Anayang'ana kuya kwa chitsime, kukula kwa pampu, kupendekeka kwa mapanelo ndi kuloza kwake kumpoto. Panalibe cholakwa. Anawonjezera fumbi la mu Seputembala ndi utsi wa tchire lotenthedwa, koma pulogalamu inaumirirabe kuti mapanelo akwana. Anayesa mawaya ndi mita yake: magetsi ankafika, koma ochepa, ngati kuti kunja kuli mitambo pamene thambo linali mbee.

Anatseka laputopu, naweramitsa mutu. "Ambuye, Inu munapachika dzuwa kumwambako. Ndiwonetseni chimene chaima pakati pa ilo ndi ine."

Ataimirira anapita pamene panali mapanelo, pa zitsulo zofika m'chiuno kuseri kwa tchalitchi. Anali atawapukuta fumbi dzulo lake, koma anali atatuwanso. Nthawi ino sanatenge nsalu. Anakanda galasi ndi chikhadabo, ndipo chinatuluka chinthu chonanda. Ananunkhiza. Parafini!

"Iwe Fainess, usakande, uwononga ntchito yanga!" Anali ba Edness, mtsogoleri wa amayi osesa m'nyumba ya Mulungu, akubwera ndi chitini m'manja.

"Ba mayi, mwanyamula chiyani?"

"Polishi wanga uja, wa makandulo ndi parafini. Loweruka lililonse ndimapaka pansi, mabenchi, guwa, kenaka magalasi akowa. Kodi si katundu wa Ambuye? Ndiwasiye amve nsanje?"

"Mwapaka kangati?"

"Kasanu ndi kawiri. Lero ndimati ndiwonjezere, alendo aone kuti kuno si kwa anthu auve."

Fainess anaseka mpaka misozi, nawakumbatira. Anawafotokozera kuti phula la makandulo lija linkagwira fumbi ndi phulusa, n'kukhala ngati chitenje pankhope ya mapanelo.

Ba Edness anagwira pakamwa. "Mayo ine! Ndiye kuti ndine ndakhala ndikuphimba dzuwa la Mulungu?"

"Pulogalamu yanga ili ndi pofunsa za fumbi, za mthunzi, za kutentha. Pofunsa za chikondi chanu palibe."

"Choka apa, wamwano iwe!"

M'mawa mwake, magalasi asanatenthe, ba Edness anatsogolera amayi anzawo kukatunga madzi ku kasupe wotentha wa pa Chinyunyu. Anawasiya afunde pang'ono, nasambitsa mapanelo ndi sopo katatu, akuimba nyimbo ya kulapa, ba Edness mawu awo pamwamba pa onse. Phula linayenderera pansi lakuda bii.

Dzuwa litakwera, Fainess anaika mita. Manambala anakwera, nakwerabe, mpaka anakumana ndi a pa laputopu. Pampu inasintha mawu. Nthawi ya nkhomaliro isanakwane, madzi anatumphuka pamwamba pa thanki, khwaa, nanyowetsa ba Bornface amene anaima pansi pake ndi foni m'manja, nambala ya amuna a m'tauni ili kale pagalasi.

Nthungululu zinamveka mpaka kumsewu waukulu.

Ba Bornface anabweza foni m'thumba, napukuta nkhope. "Alemekezeke Ambuye! Mwana wanga, ndinakulakwira. Abale athu a ku Shikabeta akufunanso pampu. Ndiwauza kuti wowerengera tili naye."

"Ndipita, ba tate. Koma ndidzayamba ndafunsa amene amasesa kumeneko."

Ba Edness anakweza chitini chawo. "Nanga wotsalayu?"

"Mabenchi, ba mayi," anayankha Fainess. "Alendo aterereke."